Salfo Tapsoba, Makaniko Amene Anasiya Kutukwanidwa

Ku Gounghin, dera la mumzinda wa Ouagadougou, mukangodutsa kamsika ngati mukulowera njira ya ku Koudougou, pali mtengo wa nimu umene pansi pake panada bii ndi oyilo, moti ngakhale udzu unakana kumerapo. Pamenepo ndi pa Salfo Tapsoba. Chikwangwani palibe. Chinalipo kale, koma mphepo ya fumbi inapita nacho chaka china, ndipo Salfo anati munthu wosadziwa pa Salfo ndiye kuti alibe njinga yamoto, nanga chikwangwanicho awerengerenji.

Salfo anafika mu Ouagadougou ndevu zikungoyamba kumera, atathawa khasu kwawo cha ku Kombissiri. Anayamba ndi kumata matayala, kenaka n'kumatsuka mapulagi, ndipo pofika chaka chimene anakwatira Habibou anali atatchuka ndi chinthu chimodzi, khutu. Amakaniko ena akafuna kudziwa chimene chavuta amayamba amasula izi ndi izo, n'kuyala zitsulo pansi ngati akutsatsa malonda. Salfo ankangoti, “Tailizani,” n'kupendeketsa mutu ngati nkhuku yaona kabawi.

Iye ankati kabuleta ndi mayi wophika phala. Petulo ndiye ufa, mpweya ndiwo madzi. Ukachulukitsa petulo injini imatsamwa, utsi umatuluka wakuda, pulagi n'kudzaza mwaye. Ukachulukitsa mpweya njinga imathamanga mosangalala masiku oyamba, mwini wake n'kumakutamanda kuti wamupulumutsira mafuta, kenaka injini imatentha n'kuuma gwa pakati pa msewu. Pakati pa ziwirizi pali kamalo kakang'ono zedi, ndipo Salfo ankakafufuza ndi kasikulu ka mpweya, kupotoza pang'onopang'ono, maso atatsinzina, mpaka injini italira mosadodoma. Akatero ankamasula pulagi kuti akuonetseni. Ikakhala yofiirira ngati mtedza wokazinga, ankapsompsona zala zake zakudazo. Nyengo ya fumbi ankachuna mwina, nyengo ya mvula mwina, ndipo amayi ogulitsa ndiwo zamasamba ankachokera kutali ndi tinjinga tawo, kudutsa amakaniko ambirimbiri, kuti Salfo angomvetsera.

Tsono munthu wa khutu lotereli anali ndi kasitomala mmodzi amene njinga yake inkadziwika Gounghin yense chifukwa cha utsi. Ameneyu anali Anatole Paré, mesenjala wa ku ofesi ina ya boma, Msamo wa ku Toma. Salfo ndi Mmosi. Anthu a mitundu iwiriyi, Amosi ndi Asamo, sapatsana moni ngati anthu ena, amatukwanana, ndipo makolo anasiya zili choncho. Aliyense amati mnzakeyo ndi kapolo wake. Angathe kukulanda chipewa, kukudyera chakudya, kukunyoza pamaso pa apongozi ako, koma wokwiya ndiye wolakwa.

“Kapolo wanga wadzuka?” Anatole ankafuula asanazimitse n'komwe injini. “Wasamba lero, kapena ukudikira mvula?”

“Mangani agalu, anthuni,” Salfo ankayankha osadzutsa mutu. “Msamo wafika ndi njala.”

“Agalu a kuno ndingadye ine? Owonda ngati eni ake. Tayang'ana hatchi ya mbuye wako, ikutsokomola.”

“Ilekerenji kutsokomola? Tsiku lonse kunyamula mbiya ya mowa. Imaledzera ndi mpweya wako womwewo.”

Chifuwa cha hatchiyo, tinene poyera, chinkachokera kwa Salfo yemweyo. Akakonza mabuleki kapena tcheni, ankapotozako kasikulu ka mpweya pang'ono, kuti njinga izidzimbidwa ndi petulo. Anatole ankadziwa. Ankafika ku ofesi utsi uli tolotolo, anzake akutseka mphuno, koma sanayambe wapita nayo kwa makaniko wina. Ankabwerera kwa Salfo, n'kukhala pa tayala lakale, n'kulandira chikho cha zom-koom, madzi ozizira a ufa wa mchewere amene Habibou ankabweretsa kuchokera kunyumba kuseri kwa mpanda.

“Mayi, zikomo,” ankatero Anatole, pakuti Habibou yekha ankamulemekezako. “Koma ndifunse, mbalezo mwatsuka zayera? Poti madzi ake ndi awa mwandipatsawa.”

Ankamaliza chikhocho n'kupempha china.

Chaka chimene zinthu zinawonongeka, anayamba ndi Anatole. Chikondwerero cha Asilamu cha Tabaski chitayandikira, Salfo anagula nkhosa yamphongo yonenepa, naimangirira pa mtengo wa nimu kuti odutsa aone kuti chaka chamuyendera. Anatole anabwera Salfo ali kumzikiti, anamasula nkhosa ija n'kupita nayo, atauza Rakieta, mayi wogulitsa nyemba ndi mpunga tsidya la msewu, kuti katundu wa kapolo ndi wa mbuye wake. Rakieta, amene sasunga nkhani ngakhale ya mphaka wa aneba, ulendo umenewo anatseka pakamwa. Salfo anazungulira Gounghin yense thukuta lili kamukamu, kusuzumira m'mipanda ya eni. Nkhosa inabwera m'mawa wa chikondwererocho itavala buluku lakale la Anatole ndi chipewa, anthu akuitsatira pambuyo ngati mkwatibwi. Salfo anaseka nawo, nanga akanatani. Koma anasunga mumtima.

Mpata unapezeka Loweruka lina dzuwa lili paliwombo.

“Kapolo, taiona hatchiyi msanga. Ndili ndi ulendo.”

“Ulendo wa kuti? Kwa mayi uja wofulula mowa ku Pissy?”

“Unayamba liti kufunsa mbuye wako kumene akupita? Gwira ntchito.”

Pambuyo pake Salfo anadzakumbukira zonse zimene maso ake anaona tsikulo mutu wake osazilandira. Kumbuyo kwa njinga kunali chikwama chomangidwa ndi mphira. Anatole anavala jekete la kutchalitchi, pa dzuwa limene lija. Sanakhale pa tayala. Habibou atabwera ndi chikho, anangoti, “Lero ayi, mayi,” osanena kanthu za mbale. Ngakhale kutukwana kwakeko kunali kwachidule, ngati kwa munthu amene akungokwaniritsa lamulo. Koma Salfo, munthu womva injini ikudandaula ili tsidya la msewu, tsiku limenelo ankangomva kulira kwa nkhosa yovala buluku.

Anatole ali yakaliyakali m'mbali mwa msewu, Salfo anatsegula kabuleta pamwamba n'kusolola singano. Singanoyo ndi imene imatsegula njira ya petulo munthu akamakoka moto. Ili ndi timizere, ndipo kachitsulo koigwira ukakatsitsira pa kamzere ka pansi, singano imakwera, petulo n'kumakhuthuka ngati mpopi woiwalika. Salfo anakatsitsira pansi penipeni. Anatsekakonso kasikulu ka mpweya, n'kuchuna kuti njinga isazime pomwepo. Inali ntchito yaluso, ya munthu wodziwa. M'maganizo mwake ankaona njinga ikufera pakhomo pa mayi wa mowa ku Pissy, zidakwa zikuwomba m'manja.

“Yatha, mbuye wa agalu. Ukamwe mosamala.”

Anatole anailiza n'kunyamuka osacheuka.

Salfo anauza Habibou kuti asunge zom-koom wozizira, poti munthu wokankha njinga amabwera ndi ludzu. Anakonzeratu ndi mawu omulandirira. Dzuwa linapendeka, Anatole osaoneka. Lamulungu linadutsa. Lolemba m'mawa Rakieta anawoloka msewu opanda mbale m'manja, zimene sizinkachitika.

“A Salfo, mwamva za mnzanu?”

“Apolisi amugwira chifukwa cha utsi?”

“Musaseke. Achemwali ake amwalira ku Toma. A Honorine.”

Salfo ankawadziwa a Honorine. Ndiwo analera Anatole mayi awo atamwalira, ndiwo ankafulula mowa kuti iye apite kusukulu. Atabwera kudzacheza mumzinda chaka china anamutcha Salfo kapolo wa banja lonse, namutuma kukawagulira fodya.

Rakieta anali atamva zonse kwa mkazi wa Anatole, ndipo anazifotokoza mosasiyako. Uthenga unafika Loweruka m'mawa kuti a Honorine ali kayakaya ndipo akuitana mlongo wawo. Basi ya ku Toma inali itanyamuka kale. Anatole anati pa njinga akafika dzuwa lisanalowe. Njinga inayamba kutsamwa atangodutsa Koudougou. Ankaima, kumasula pulagi, kuipukuta mwaye ndi mpango, kuyendako pang'ono, kuimanso. Atadutsa Didyr petulo anatha, thanki imene inkayenera kumufikitsa itauma, pamalo poti panalibe ngakhale wogulitsa wa m'mabotolo. Anakankha mpaka miyendo inakana, nagona pamudzi wina wa anthu osawadziwa. Anafika ku Toma m'mawa, n'kumva kulira ali kumsewu. A Honorine anali atatsirizika mbandakucha.

“Akuti ankangofunsa kuti kodi kwalira njinga,” anatero Rakieta. Anamuyang'ana Salfo kanthawi. “Akutinso makaniko wa ku Toma atatsegula kabuleta anati amene anachita izi sanaphonye, anachita kufuna.”

Salfo anakhala pa tayala lija. Tsiku limenelo anabweza njinga zonse.

Anayembekezera mkwiyo. Anaukonzekera ndithu, ngati mmene munthu amakonzekerera jakisoni. Anati Anatole akabwera ndi chibakera, iye aika manja kumbuyo. Anatole atabwerako ku maliro anadutsa pa mtengo wa nimu, anachepetsa liwiro, n'kukweza dzanja.

“Mwadzuka bwanji, bambo Tapsoba? Kunyumba ali bwanji?”

Salfo anayang'ana kumbuyo kuti aone bambo Tapsoba amene akunenedwayo.

“Tadzuka,” anayankha. Kenaka anayesa. “Agalu a ku Toma atsalako?”

“Onse ali bwino, zikomo. Mupereke moni kwa mayi.”

Ndipo anapita.

Madzulo ake Salfo sanadye. Habibou anamuyang'ana akusewera ndi chakudya.

“Bambo a Madi, pitani mukapepese.”

“Ndikapepese bwanji? Unamvapo Mmosi akupepesa Msamo? Mawu ake ndi otani?”

“Mawu ake mukawapeza konko. Singano ija munapeza bwanji poiika?”

Anapita Lamulungu masana, atanyamula tambala woyera. Mkazi wa Anatole anamulowetsa pabalaza, pamene Salfo pa zaka zonsezi anali asanakhalepo, poti ankafikira kukhitchini n'kumavundukula miphika. Anamukhazika pa mpando wa nsalu yoluka. Anamuyatsira fani. Anamupatsa chakumwa cha m'botolo, mu tambula, pa mbale yake. Anatole anatuluka atavala malaya omanga mabatani mpaka m'khosi, namufunsa za ntchito, za ana, za mvula ya ku Kombissiri.

“Anatole, za njinga ija. Ine sindinadziwe.”

“Palibe kanthu, bambo Tapsoba. Masiku a munthu amawerenga ndi Mulungu.”

“Ukanandiuza.”

“Zoona. Ndikanakuuzani.”

Anayamika tambala uja ndi manja awiri. Anamuperekeza mpaka pachipata, monga achitira ndi mlendo wolemekezeka. Salfo anafika kunyumba ngati munthu womenyedwa.

Kuyambira pamenepo Gounghin inaona zachilendo, Mmosi ndi Msamo akupatsana ulemu. Anthu ankachita manyazi kuonerera. Njinga ya Anatole inasiya kufuka. Ankapita nayo kwa makaniko wina cha ku sitediyamu, ndipo inkadutsa pa mtengo wa nimu m'mawa uliwonse ili yoyera kumbuyo ngati ya ansembe.

Tsiku lina Salfo anaimva ikubwera, napendeketsa mutu. Inkalira mopyapyala, mokwera, ngati munthu woyimba ali ndi njala. Anataya sipanala n'kukaima pakati pa msewu.

“Ima! Amene wakuchunira njingayi akuphera injini. Waimana petulo. Mwezi uno sutha, iuma.”

Anatole anaima. “Ngati muli ndi mpata, bambo Tapsoba, mungaione.”

Salfo anagwada. Sanayambe wachunapo njinga mosamala ngati tsiku limenelo. Anatsuka kabuleta yense, anabweza singano pa kamzere ka pakati, anafufuza kamalo kaja ndi kasikulu mpaka injini inalira mokhuta. Tayala linali pomwepo, lopanda munthu. Anatole anaima chilili nthawi yonseyo, chipewa chili m'manja. Salfo anakayizungulitsa njingayo, anamasula pulagi n'kumuonetsa kufiirira kwake.

“Ntchito yabwino,” anatero Anatole. “Anthu sanama za inu.”

Rakieta akuti atamva mawu amenewo anapukuta maso ndi nsalu, ngakhale iye amati unali utsi wa nkhuni.

Zaka zinapita. Njinga zotsika mtengo zinadzaza mzinda, amakaniko anachuluka ngati ogulitsa madzi, tsitsi la Salfo linayera. Asamo ena ankabwera ndithu n'kumutukwana, iye n'kubweza, koma ankati kutukwana kwawo n'kwa m'sitolo, kokwanira Mmosi aliyense. Anatole ankatukwana Salfo weniweniyo, ankadziwa pamene pali chipsera chilichonse.

Kenaka mayi a Salfo anamwalira. Anali okalamba kwambiri, oti aona zidzukulutudzi, ndipo maliro a munthu wotere Asamo sawalola kuti adutse mwakachetechete. Anabwera gulu. Mayi wina anavala nsalu za malemu n'kumayenda chowerama, akukalipira anthu ndi ndodo monga ankachitira gogoyo, anamfedwa n'kumaseka misozi ili m'masaya. Bambo wina anakakhala pakhomo pa nyumba imene munali thupi, nati kapolo wake satuluka mpaka amuphere nkhuku. Umu ndi mmene Asamo amalirira Mmosi.

Salfo ankangoyang'ana kuchipata. Anauza Habibou kuti lero ndiye lero, mwambo umukakamiza Anatole kutukwana. Anatole ankawadziwa mayiwo kuposa onse aja. Ankawatcha mkazi wake wamkulu, ankawabera mtedza wa kola pa nsalu, iwo n'kumamuthamangitsa ndi chipande.

Anatole anafika atavala jekete. Anagwira chanza akuluakulu onse mmodzimmodzi, anapepesa mwaulemu, n'kukakhala pa benchi ya kumapeto, pafupi ndi pamene anaimika njinga. Salfo anapirira pang'ono. Kenaka anadzuka pakati pa abale ake, anthu akumuyang'ana, n'kukakhala pambali pake.

“Anatole.”

“Pepani ndi zovutazi, bambo Tapsoba.”

“Leka zimenezo. Nditukwane.”

Anatole anayang'ana pansi.

“Kamodzi kokha. Ngati ine sungathe, atukwane mayi. Agona umo. Uwasiya apite akunyozedwa ndi anthu osawadziwa? Uyo akuwatsanzirayo sakudziwa n'komwe mwendo umene ankatsimphina.”

“Wamanzere,” anatero Anatole.

“Ndiye dzuka ukawaonetse.”

Anatole anatembenuza chipewa m'manja. Pakhomo paja mkangano wa nkhuku unali utakula, anthu akuseka.

“Ndayesa, Salfo,” anatero motsitsa mawu. “Usaganize kuti sindinayese. Lero pobwera ndinakonza mawu, abwino ndithu, onena za mano awo aja. Ndinaseka ndekha pa njinga. Koma ndikati nditsegule pakamwa, ndimapezeka ndili pa msewu wa ku Didyr, ndikukankha.”

“Ndiye kwiya. Ndimenye pompano, anthu aone.”

“Ndikwiye ndi ndani? Iwe unachita zimene timachita. Ine ndinabwera kwa iwe mlongo wanga akufa, n'kukutcha kapolo mmalo mokuuza. Pakamwa panga sipankadziwa kukuyankhula mwina.” Anapumira m'mwamba. “Ndikanakhala wokwiya, bwenzi zitatha kalekale. Mkwiyo umatha.”

Zaka zonse zija anali asanayankhulanepo chonchi, ndipo anakhala ngati anthu awiri obwereka zovala.

“Anali mayi abwino,” anatero Anatole. “Ankandisungira nyemba za pansi pa mphika.”

“Ankati ndiwe wakuba.”

“Ankatero.”

Nkhuku inapezeka, bambo uja anachoka pakhomo, ndipo thupi linatuluka. Salfo anayenera kupita kutsogolo. Anadzuka, n'kuima pang'ono, kudikira ngati pangabwere kanthu kena. Anatole anadzukanso, namugwira pamkono.

“Pita, akukudikira. Ine ndili pambuyo pano.”

Anayenda nawo mpaka kumanda, ali kumapeto kwa mzere, chipewa chili m'manja.

Chaka chotsatira Anatole anapuma pa ntchito n'kubwerera ku Toma. Salfo akadali pansi pa mtengo wa nimu, ngakhale masiku ano amamvetsera ndi khutu limodzi, linalo linatopa. Munthu akabwera ndi njinga, asanaigwire n'komwe amayamba wafunsa kumene ikupita. Ena amadabwa, ena amayankha mwachipongwe kuti n'zawo. Salfo saseka. Amaika sikuludiraiva pansi n'kudikira mpaka amuuze zoona.